Zasukuluka: masiku asanu ndi limodzi m'mapazi a B.B. King

Loweruka usiku, Memphis

Tafika, abale anga. Tinanyamuka ku Indiana tambala asanalire, mphwanga ali pachiwongolero, gitala yanga itagona kumpando wakumbuyo, ndipo dzuwa litapendeka tinawoloka mtsinje wa Mississippi n'kulowa mu Memphis. Madzi ake ndi amatope, oyenda mwaulesi ngati Shire ukamuonera ku Chikwawa nthawi yadzinja, koma kutakata kwake n'kwina.

Ambiri mwandifunsa kuti munthu wamkulu ngati ine ndikutheranji tchuthi chonse kulondola nyimbo imodzi. Ndiyankhe kamodzi. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, pobwerera kumudzi kuchokera ku Joni anabwera ndi sutukesi, njinga ndi galamafoni ya mabatire. Mbale zinalipo zambiri, za simanjemanje ndi za kwela, zovinira pabwalo. Koma inalipo imodzi imene sinkaikidwa pagulu. Imeneyo inali ya Lamulungu madzulo, iwo atakhala okha pakhonde, chipewa chili pabondo. Ife ana tinkadziwa kuti ikangoyamba, phokoso lithe. Chingerezi sitinkamva. Tinkangomva gitala ikulira ngati munthu, bambo wina n'kuiyankha, gitala n'kuliranso. Ndinali nditafika kale kusekondale pamene ndinadziwa kuti bamboyo ndi B.B. King, ndipo nyimboyo ndi The Thrill Is Gone. Amalume anatisiya kalekale, galamafoni ija inathera m'manja mwa ana, koma nyimboyo sinandichoke m'khutu. Ndi imene inandigwiritsa gitala. Tsopano nanenso ndine malume wa munthu, ndiye ndinati kandimverere adakanena zam'maluwa, ndimutenge mnyamatayu tikadzionere tokha kumene zinachokera.

Usiku uno tayenda mu Beale Street. Magetsi amitundumitundu ng'aning'ani, fungo la nyama yootcha paliponse, khomo lililonse likutulutsa nyimbo yakeyake. Kumutu kwa msewu kuli B.B. King's Blues Club, imene inatsegulidwa mu 1991. Tinalowa, tinadya, oimba anali aluso ndithu. Nyimbo yanga ija anaiimba, ndipo pofika pobwerera kogona ndinali nditaimva katatu m'malo atatu osiyana. Onsewo ankaithamangitsa, zala zikuthamanga pansambo ngati akuwomba mkota. Mphwanga anasangalala. Ine mtima sunakhazikike, koma chimene chinasowa ndichifotokoza ndikachipeza bwinobwino.

Lamulungu, Memphis ndi Twist

Riley B. King, ndilo dzina lenileni la B.B. King, anafika mumzinda uno koyamba mu 1946 akuthawa. Ankayendetsa thirakitala pamunda wa thonje wa Johnson Barrett kufupi ndi Indianola, ndiye tsiku lina atazimitsa injini, thirakitalayo inadumpha n'kukathyola paipi ya utsi pakhomo la shedi. Mnyamata wakuda wa ku Mississippi ya masiku amenewo, wawononga katundu wa mzungu, sanadikire kuti amve mlandu. Anatenga gitala n'kuuyatsa wa ku Memphis. Kuno anasungidwa miyezi ingapo ndi Bukka White, msuweni wa amayi ake, katswiri wa gitala yokwekweretsa kachitsulo pansambo. Riley anayesetsa kuphunzira kaimbidwe kameneko koma zala zinakana. M'malo mwake anayamba kugwedeza chala pansambo, dzanja lonse likunjenjemera ngati phiko la gulugufe, kuti mawu atuluke olira ngati a kachitsulo kaja. Kulira kumene tinkamva pakhonde la amalume kunabadwira pamenepo, pa chinthu chimene munthu analephera. Pambuyo pake anabwerera kumunda, anakagwira ntchito mpaka kubweza ndalama ya thirakitala, ndipo mu 1948 anabweranso kudzakhazikika.

M'mawa tadutsa mu Union Avenue, msewu umene munali wayilesi ya WDIA. Imeneyi ndi wayilesi yoyamba mu America muno kupereka mapulogalamu ake onse kwa anthu akuda, ndipo Riley anapatsidwako mphindi khumi zoti aziimba ndi kutsatsa mankhwala akumwa otchedwa Pepticon. Anthu anamukonda, anasanduka muulutsi weniweni woika mbale, dzina n'kukhala Beale Street Blues Boy. Linafupika kukhala Blues Boy, kenaka B.B. Musaiwale zoti anali muulutsi, chifukwa nkhani ya nyimbo yathu idzadutsira pomwepo. Mumsewu womwewo muli situdiyo ya Sam Phillips, imene lero imatchedwa Sun Studio, kachipinda kakang'ono kwambiri. Alendo ambiri amakhamukirako chifukwa cha Elvis Presley, koma B.B. anajambuliramo Elvis asanapondemo. Nyimbo imene inamutulutsa, 3 O'Clock Blues, anaijambulira mu holo ya YMCA mu 1951, ndipo kuchiyambi kwa 1952 inakhala nambala wani pa mndandanda wa nyimbo zotchuka za anthu akuda, zotchedwa R&B. Nayonso sinali yake, mwini wake anali Lowell Fulson.

Tinaimanso pa Lorraine Motel, pamene Martin Luther King Jr. anawomberedwa pa 4 Epulo 1968. Mphwanga anavula kapusi popanda womuuza. Sitinalankhulane mpaka m'galimoto.

Masana tinawolokanso mtsinje kupita ku Arkansas kukafuna Twist. Mukapitako musayembekezere tawuni. Ndi minda yokhayokha, nyumba zowerengeka, mashedi a malata, mphepo. Koma mu 1949, nthawi yozizira, kunali holo ya dansi kumene B.B. ankaimba. Pofuna kutenthetsa m'nyumbamo ankayatsa palafini mu mgolo pakati pa bwalo lovinira. Amuna awiri anayambana, anagwetsa mgolowo, moto n'kuyenderera pansi ngati madzi. Anthu onse anathawira panja. Ali panja, B.B. anakumbukira kuti gitala yake ya Gibson, ya madola 30, yatsala m'kati, ndipo anabwereramo denga likugwa. Monga ankafotokozera mwini wake, m'mawa mwake anamva kuti ndewuyo inali yolimbirana mkazi dzina lake Lucille. Gitalayo anaitcha Lucille kuti azikumbukira kusadzachitanso zoterozo, ndipo magitala onse amene anagwira pambuyo pake anatenga dzina lomwelo.

Mphwanga anafunsa, "Malume, inuyo mukanabwerera m'motomo?" Ndinamuuza kuti ayi, chifukwa ine gitala ikapsa mawa ndipita kuntchito. Uja ikanapsa, mawa lake anali kubwerera ku thonje.

Lolemba, Clarksdale

Tatsika ndi Highway 61, mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Ukangotuluka mu Memphis mapiri amatha, dziko n'kungoti see mpaka kumene maso alekezera. Chigwa chimenechi ndicho amachitcha Delta. Tafika nyengo yokolola, ndiye minda yangoti mbuu, thonje lina lauluka n'kumata m'mbali mwa msewu. Tinaima kuti ndiligwire. Chikhokho chake chili ndi nsonga zolasa, ndinangothyola katatu chala n'kutuluka magazi. Lero akukolola ndi makina aakulu ngati nyumba, munthu mmodzi m'kati. Makina oterewa anayamba kusonyeza mphamvu zake pamunda wa Hopson, kunja kwa Clarksdale konkuno, mu 1944, ndipo m'zaka zotsatira mabanja ambirimbiri anakwera sitima kupita ku Chicago ndi mizinda ina yakumpoto. Blues inakwera nawo sitima yomweyo.

Makina asanabwere, ulimi wake unali wotere: mwini munda amakupatsa malo, kanyumba, mbewu ndi chakudya cha pangongole kuchokera m'sitolo yake. Pokolola mumagawana, koma buku la ngongole amalemba ndi iye, sikelo ndi yake, mtengo amanena ndi iye. Chaka chikamatha umapezeka kuti ukadali ndi ngongole. Amene munakhalapo kumaesiteti a fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji, kapena munamva agogo akusimba za thangata, simufuna kuti ndikumasulireni. Makolo a B.B. anali matenanti otero.

Ku Delta Blues Museum, imene ili mu nyumba yakale ya katundu wa sitima, aimikamo kanyumba kamatabwa kamene woimba blues wotchuka Muddy Waters ankakhala pamunda wa Stovall. Ndinasuzumira m'ming'alu ya matabwawo n'kuganiza za chisanu cha kuno. Pamphambano ya misewu 61 ndi 49 pali magitala atatu pamwamba pa mzati, pamene anthu amati katswiri wa gitala Robert Johnson anagulitsa moyo wake kwa Satana. Tinajambulitsa chifukwa mphwanga anaumirira. Nthano imeneyi ine siindisangalatsa. Munthu akachita bwino timathamangira kunena kuti wakhwima, osaona miyezi imene anakhala akuphunzira yekha usiku.

Chakudya chamadzulo: mlamba wokazinga wopaka ufa wa chimanga, masamba ophika onga repu, therere ndi chigumu. Inangosowa nsima.

Titadya tinalowa m'kanyumba kena koimbira, mipando yake yosafanana, magetsi ofiira. Bambo wachikulire atakhala pampando ankaimba ndi mnyamata wa ng'oma basi. Ameneyu sankathamanga. Amakhudza nsambo imodzi, kuikoka, kuisiya ilire mpaka ithe yokha, iye n'kukhala chete kaye. Mayi wina kumbuyo kwathu amamuyankha mokweza ngati m'tchalitchi. Tsemwe linandigwira. Chimene chinasowa ku Beale Street ndi kachetechete ameneyu.

Lachiwiri, Indianola

B.B. sanabadwire muno, koma akafunsidwa kwawo ankatchula Indianola. Anafika muno mu 1943, akulima mkati mwa sabata, Lamulungu akuimba nyimbo zauzimu ndi gulu la Famous St. John's Gospel Singers, Loweruka madzulo ataima ndi gitala pamphambano ya Church Street ndi Second Street. Tayamba ndi pamenepo. Pasimenti pali zidindo za manja ake. Ndinagwada n'kuikamo dzanja langa, ndipo zala zake zinaposa zanga. Iye ankasimba kuti pakona imeneyi akaimba nyimbo yauzimu anthu ankamuyamikira, kumusisita pamutu n'kumapita, koma akaimba blues ankaponya ndalama. Mnyamata wolima thonje sanavutike kusankha.

Nyumba yosungiramo mbiri yake, B.B. King Museum and Delta Interpretive Center, inatsegulidwa mu 2008 iye akadali moyo. Anaimanga molumikiza ku fakitale yakale yanjerwa yochotsera njere za thonje, mmene iye anagwirapo ntchito. Tinalowa cha m'ma 10 koloko, tinatuluka dzuwa litapendeka.

Chinandiimitsa nthawi yaitali ndi nkhani ya maulendo. Mu 1956 mokha anaimba maulendo 342. Werengani masiku a pachaka muone otsala. Ankayenda pa basi ndi gulu lake m'mabwalo a anthu akuda okhaokha, amene ankatchedwa Chitlin' Circuit, m'madera mmene hotela sinkawalandira, malo odyera ankawagulitsira pawindo lakuseri, ngakhale chimbudzi cha pamalo omwetsera mafuta chinali choletsedwa. M'tawuni yomwe ino ya Indianola ndi mmene munabadwira White Citizens' Council mu 1954, bungwe la azungu lolimbana ndi kusakaniza ana akuda ndi oyera m'sukulu. Ndipo ali mnyamata ku Lexington, B.B. anaona ndi maso ake mtembo wa munthu wakuda wophedwa ndi gulu la azungu. Wokaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe. Ndinabwera kudzamva nyimbo, koma sungaimve bwino usanaone izi.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wodutsa m'zoterezi anatuluka wofatsa, wovala suti usiku uliwonse, wofuna kuti blues ilemekezedwe. Mu Novembala 1964 anajambula chimbale cha Live at the Regal ku Chicago, chimene oimba gitala amachiphunzira mpaka lero. Koma nthawi yomweyo achinyamata akuda anali atatembenukira ku nyimbo za soul, blues akuiona ngati ya makolo, yokumbutsa thonje. Iye ankasimba mmene achinyamata ena anamukuwizira dzina lake litangotchulidwa, ndi mmene zinamupwetekera. Amene anamutola anali ana a azungu, ataona kuti Eric Clapton, Mike Bloomfield ndi anzawo akumutchula ngati mphunzitsi wawo. Ku Fillmore, mumzinda wa San Francisco, holo yodzaza azungu atsitsi lalitali inaimirira kumuwombera m'manja asanakhudze n'komwe nsambo, ndipo analira. Mu 1969 anayenda ndi Rolling Stones. Khomo linali litatseguka pang'ono. Inkafunika nyimbo imodzi yolikankha.

Manda ake ali pabwalo la nyumba yomweyi. Anamwalira ku Las Vegas pa 14 Meyi 2015 ali ndi zaka 89. Maliro anadutsa mu Beale Street, anatsika ndi Highway 61 imene tadzera ife, mwambo unachitikira ku Bell Grove Missionary Baptist Church muno. Pamandapo pali mwala wakuda wosalala, ndipo kuzungulira alembapo maina a nyimbo zake. Ndinaima pamenepo n'kupemphera mwachidule, ndinatchulanso amalume. Mayi wina wachikulire wakonkuno anatifunsa kumene tachokera. Nditati ku Malawi, ku Africa, anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, osalisiya msanga.

Lachitatu, Indianola, mvula

Kwacha ndi mvula, ndiye takhala m'chipinda mpaka masana. Zakhala bwino, chifukwa lero ndi tsiku la nyimbo yeniyeniyo. Ndinamuuza mphwanga kuti aike foni patebulo, tiimve kawiri, ya mwini wake ndi ya B.B.

Inde, ili ndi mwini wake. Dzina lake Roy Hawkins, woimba piyano amene ankakhala ku California. Anaipeka ndi Rick Darnell n'kuitulutsa mu 1951 pansi pa kampani ya Modern Records, ndipo inafika pa nambala 6 pa mndandanda wa R&B. Hawkins anali munthu wa tsoka. Ngozi ya galimoto inamupha dzanja lamanja, woimba piyano, tangoganizani. Nyimbo yake ina yotchuka mutu wake ndi Why Do Things Happen to Me, funso la munthu amene mavuto amulondalonda. Mukaimva The Thrill Is Gone yake, ndi yapang'onopang'ono, piyano ikudontha, chitoliro chikubuula pambali, mawu ake ngati munthu amene wakhala pamphasa ya maliro. Ndi yabwino. Musalole wina akuuzeni kuti inali yosapsa.

B.B. anaidziwa nyimboyi kuyambira masiku a uulutsi wake, komanso iye ndi Hawkins ankajambulitsa kwa eni amodzi, abale a banja la Bihari. Anaisunga mumtima zaka zambiri osaitulutsa. Kuchokera 1951 kufika 1969 ndi zaka 18. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamene ankaijambula ku New York, kuti ilowe mu chimbale cha Completely Well, anali munthu wa zaka za m'ma 40, maukwati awiri atatha, woyamba ndi Martha Denton, wachiwiri ndi Sue Hall mu 1966. Sindikunena kuti ankaimbira mmodzi wa iwo. Ndikungoti mawu amenewa mnyamata wa zaka 25 angawatchule, koma kuti awasenze pamafunika msana wina.

Wojambula anali Bill Szymczyk, wachinyamata panthawiyo, yemwe pambuyo pake anadzajambula Hotel California ya gulu la Eagles. Anamusonkhanitsira akatswiri a mu situdiyo: Jerry Jemmott pa besi, Herbie Lovelle pa ng'oma, Paul Harris pa piyano, Hugh McCracken pa gitala yachiwiri. Tamverani besi ya Jemmott. Siikulira nawo maliro, ikuyenda, phazi ndi phazi, ngati munthu amene wanyamula chikwama ndipo sakucheuka. Atamaliza, Szymczyk anawonjezera mavayolini, amene anawakonza Bert de Coteaux. Ena okonda blues yachikale anadandaula kuti aithira shuga. Ine sindivomereza. Mavayoliniwo sakukometsera, akungoyandama kumbuyo ngati nkhungu ya m'mawa padambo, ndipo ndi amene anachititsa kuti mawayilesi a azungu aiike. Inatuluka mu Disembala 1969, mu 1970 inafika pa nambala 3 ya R&B ndi nambala 15 pa mndandanda wa nyimbo zonse, malo amene nyimbo yake ina iliyonse sinafikepo. Inamupatsa mphotho yake yoyamba ya Grammy, mwa 15 zimene anadzalandira. Kuchokera pamenepo anaimba pa wayilesi yakanema mu pulogalamu ya Ed Sullivan, anaimbira akaidi ku Cook County Jail, ndipo mu Seputembala 1974 anaimba nyimbo yomweyi ku Kinshasa, pa chikondwerero chimene Hugh Masekela anathandiza kukonza nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman isanachitike. Chaka chomwecho Roy Hawkins anamwalira, anthu ambiri osamudziwa.

Kwa anzanga a gitala: nyimboyi ili mu B minor, mabala 12 monga blues zambiri, makodi anayi okha. Mwana wa kwaya angaiphunzire tsiku limodzi. Kuvuta kwake kuli poti B.B. sankaimba pakamwa ndi pagitala nthawi imodzi. Akatsegula pakamwa Lucille amakhala chete, akatseka pakamwa Lucille amayankha. Ndi mtsogoleri wa nyimbo ndi ovomereza, monga amayi pamtondo, kungoti onse awiri ali mwa munthu mmodzi. Makodi sankawakonda, ankasiyira gulu. Iye ankasankha mawu amodzi, kuwakoka, kuwagwedeza, kuwasiya.

Kenaka tinayamba kulimbana ndi mutu wa nyimboyo. Mphwanga anati, "Malume, m'Chichewa ndi chikondi chatha, basi." Ndinakana. Chikondi chikatha pamakhala ndewu, kutukwanizana, ankhoswe kuitanidwa usiku. Umu mulibe zimenezo. Bamboyu akuuza mkazi kuti unandilakwira, tsiku lina udzamva chisoni, ndidzakhala wosungulumwa koma ndidzakhalabe ndi moyo, ndamasuka, ndipo ndikukufunira zabwino. Sakukuwa. Anayesanso, "Moto wazima?" Yayandikira, koma moto umakolezedwanso. Tinakhala chete mvula ikugogoda pawindo, kenaka mawu anangobwera okha mmene amalume akanawanenera: zasukuluka. Ndiwo ikasukuluka imaonekabe ndiwo, mbale ndi yomweyo, koma ukaika m'kamwa mulibe kanthu. Palibe woti umumenye. Hawkins anaimba ali m'kati mwa ululuwo. B.B. anaimba atatulukira tsidya lina, akuyang'ana m'mbuyo.

Ndipo apa m'pamene ndinamvetsa za pakhonde paja. Amalume anapita ku Joni atasiya mkazi ndi mwana, anakhalako zaka zambiri, pobwera anapeza banja lija kulibe. Sindinawamvepo akunyoza mayiwo ngakhale tsiku limodzi. Akakumana kuchigayo kapena pamaliro ankapatsana moni mwaulemu. Ife tinkangoti ndi munthu wosalankhulalankhula. Chingerezi chawo chinali chochepa, cha kumigodi, koma nyimbo ija ankaimva yonse.

Mvula itakata tinapita ku Club Ebony, nyumba yazisangalalo imene yakhalapo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ray Charles, Count Basie ndi Bobby Bland anaimbamo. Sue Hall uja anali mwana wa Ruby Edwards, mayi amene ankayendetsa malowa, ndipo B.B. anakumana naye momwemu. Mu 2008 anagula nyumbayi kuti isagwe. Tinapeza potseka, tinangozungulira panja n'kuwerenga chikwangwani.

Lachinayi, Berclair ndi Kilmichael

Talowera kum'mawa ndi Highway 82. Kufupi ndi Itta Bena tinapatuka kulowa m'kamsewu ka m'minda mpaka pa chikwangwani chabuluu cha Mississippi Blues Trail ku Berclair. Chikunena kuti kufupi ndi pamenepo, pa 16 Seputembala 1925, anabadwa Riley B. King. Kanyumbako kulibe. Pali munda, mitengo m'mbali mwa kamtsinje, ndi mbalame zakuda zambirimbiri. Tinakhalapo mphindi zochepa.

Ukadutsa Greenwood chigwa chimatha, zitunda zimayamba, dothi n'kufiira ngati la kwathu. Kilmichael ili m'zitunda zimenezi. Kuno ndi kumene amayi ake, Nora Ella, anabwera naye atasiyana ndi bambo ake. Anamwalira iye ali ndi zaka zosakwana khumi. Agogo ake aakazi, Elnora Farr, anamulera mpaka nawonso anamwalira mu 1940, ndipo mwana wa zaka 14 anatsala yekha m'kanyumba, akulima thonje kuti abweze ngongole. Kwathu mwana wotere akanatengedwa ndi amalume ake tsiku lomwelo la maliro. Ndinaganiza zimenezi n'kumuyang'ana mphwanga akuyendetsa.

Komabe anthu omugwira dzanja analipo. Mphunzitsi Luther Henson wa pasukulu ya Elkhorn anamuphunzitsa kudzilemekeza. Mbusa Archie Fair, amene ankalalikira atakolekera gitala, anamulola kuigwira n'kumuonetsa makodi atatu oyamba. Flake Cartledge, mzungu amene ankamulemba ntchito, anamukongoza madola 15 ogulira gitala yakeyake. B.B. anadzaimba mpaka Okutobala 2014, ali ndi zaka 89, matenda a shuga ali m'thupi, atakhala pampando chifukwa miyendo inali itatopa.

Tinaima pambali pa katchalitchi kena kamatabwa oyera kuti tidye mabanzi tisanayambe ulendo wautali wobwerera. Ndikutsegula botolo la madzi, ndinamva chitseko chakumbuyo chikutseguka. Mphwanga anatulutsa gitala ija, imene sanaikhudzepo chiyambire ulendo, n'kukhala pa boneti.

"Malume, paja mumati chala chimodzi?"

Ndinamuika chala cholozera pansambo yachiwiri, ndinamuuza kuti chala chachikulu achichotse kuseri, dzanja lilendewere, agwedeze kuchokera pamfundo ya dzanja. Koyamba inangoti thapu. Kachiwiri chimodzimodzi. Anapukuta dzanja pa thalauzi n'kuyesanso, ndipo kachisanu kapena kachisanu ndi chimodzi nsambo ija inanjenjemera pang'ono, kamawu kakang'ono n'kutuluka kupita kumitengo. Anafuna kuthamangira pena. Ndinamugwira mkono kuti adikire kathe kokha.

Tanyamuka mochedwa ndi ola lathunthu. Tigona panjira, mwina cha ku Illinois, ndipo makiyi ndatenga ndine chifukwa mnyamatayu wakhala kumbuyo ndi gitala.